Banja litatha ku England: lipoti la mlandu wa mayi wa ku Malawi amene anafuna kupita ndi mwana kumudzi

Mlandu umene ndikulongosola pano ndinauyendetsa m'khoti la za mabanja mumzinda wina kumpoto kwa England, kumene ndimagwira ntchito ya uloya. Lamulo la kuno sililola kuulula ana kapena makolo a m'milandu yotere, choncho ndizingoti mayi, bambo ndi mwana, ndipo zina zimene zikanawazindikiritsa ndazisintha. Zimene ndikunena ndi za England ndi Wales, ku Scotland malamulo a ana ndi ena. Ndalemba chifukwa vuto la mayiwa ndi lomwe abale athu ambiri okhala kunja amagwamo banja likatha, ndipo ambiri amafika kwa loya madzi atafika kale m'khosi.

Mmene zinayambira

Mayiwa kwawo ndi m'chigawo chapakati, kumene ukwati ndi wa chikamwini. Anakwatiwa ndi mzika ya Britain ndipo anabwera kuno pa viza ya ukwati. Pa nthawiyo vizayi inkaperekedwa ya miyezi 33 koyamba, kenako miyezi 30, ndipo zaka 5 zikakwana banja likadalipo, munthu ankatha kupempha chilolezo chokhazikika. Mwana wawo wamkazi anabadwira kuno, ndipo popeza bambo ake ndi mzika, nayenso ndi mzika ya Britain chibadwire malinga ndi British Nationality Act ya 1981. Banja linatha m'chaka chachinayi, mwana ali pafupi kukwanitsa zaka 3.

Ndinawafunsa mwachifatse ngati m'banjamo munali nkhanza, kaya kumenya, kuopseza kapena kuwalanda ndalama, chifukwa zikakhala choncho njira ya viza ndi ya kukhoti zimasintha, ndipo boma limatha kulipira loya. Anati ayi. Kunali mikangano ya ndalama zotumiza kumudzi, kenako kusalankhulana, basi.

Bambowo atadziwitsa Home Office, ofesi ya boma yoona za maviza, kuti apatukana, kalata inabwera yodula viza ya mayi kuti itsale ndi masiku 60. Mwezi womwewo mayi awo kumudzi anagwa ndi sitiroko. Malume awo, amene ndi mwini mbumba, anatumiza mawu pa WhatsApp: "Amake mwana, mukuvutikiranji kwa eni? Tengani mwanayo mubwere kuno kwanu. Mwanayo ndi wathu." Uthengawu bambo anaupeza pa tabuleti ya pabanja, anapeza wowamasulira, ndipo anaonanso kuti mayi anafunsapo za kakonzedwe ka pasipoti ya Malawi ya mwana. Anathamangira kukhoti ndi fomu ya C100, mayi osadziwa, ndipo jaji anapereka chiletso chotchedwa prohibited steps order choti mwana asatuluke m'dziko. Apolisi anachenjeza mabwalo a ndege ndi madoko, chenjezo limene limakhala masiku 28. Mayiwa anabwera kwa ine ndi mapepala amenewo m'manja.

Zimene ndinayenera kuwauza tsiku loyamba

Funso lawo linali lakuti: "Aloya, mwana ndinabereka ndekha, munthu angandiletse bwanji kupita naye kwa amayi anga akudwala?"

Khoti la England lili ndi mphamvu pa mwanayu chifukwa kuno ndi kumene amakhala mokhazikika. Anabadwira kuno, dokotala wake ali kuno, sukulu yake ya mkaka ili kuno. Pasipoti si imene imagamula, moti ngakhale makolo onse awiri akanakhala Amalawi yankho likanakhala lomweli. Popeza mwana anabadwa iwo ali pabanja, onse awiri ali ndi udindo wa ukholo wofanana pansi pa Children Act ya 1989, ndipo kutha kwa banja sikuchotsa udindowo. Ngakhale bambo amene sanakwatire amakhala nawo ngati dzina lake linalembedwa pa chiphaso cha kubadwa kuyambira pa 1 December 2003. Ndiye pali Child Abduction Act ya 1984: kholo limene latulutsa m'dziko mwana wosakwana zaka 16 popanda chilolezo cha kholo linzake kapena cha khoti lapalamula mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka 7 m'ndende. Chisudzulo pachokha sichigamula za ana. Kuyambira April 2022 munthu amatha kuthetsa ukwati kuno popanda kuloza wolakwa, koma pepala la chisudzulo silinena kuti mwana azikhala ndi ndani.

Sindinkaona malume aja ngati munthu wachiwembu, ndipo mpaka lero sindiwaona choncho. Kwathu kwa chikamwini banja likatha mkamwini amanyamula zake n'kubwerera kwawo, ana amatsala kuchikazi, ndipo malume ndi amene amayankha za iwo. Munthuyo ankachita udindo wake monga anaulandirira kwa makolo. Koma ngakhale ku Malawi komweko lamulo lolembedwa linasuntha kale: ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko ndi Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 zimaika patsogolo ubwino wa mwana. Kuno ku England mwambo umamvedwa monga mbali ya chiyambi cha mwana, chimodzi mwa zinthu zimene jaji amayenera kuziganizira, pamodzi ndi zosowa za mwanayo, zofuna zake malinga ndi msinkhu, ndi mmene kusintha kulikonse kungamukhudzire. Sumapatsa mbali ya mayi kapena ya bambo umwini.

Viza

Masiku 60 aja anali akutha. Munthu akapereka pempho latsopano viza isanathe, ndime 3C ya Immigration Act ya 1971 imamuteteza: amakhalabe movomerezeka ndipo amapitiriza ntchito mpaka yankho libwere. Akachedwa, ntchito imatha, nyumba imavuta, ndipo kukhoti la mabanja amaoneka ngati munthu amene sakudziwika komwe adzakhale mawa. Za viza si mbali yanga, choncho tinagwirira limodzi ndi loya mnzanga wa nkhani zimenezo. Njira inali ya kholo la mwana amene ndi mzika ya Britain. Imafuna umboni woti mwana amakhala nawe, kapena umamuona malinga ndi mgwirizano kapena lamulo la khoti, ndiponso woti ukutengadi mbali pomulera. Mapepala a khoti la mabanja ndi achinsinsi, sungangowatumiza ku Home Office. Tinapempha jaji pa tsiku loyamba la mlandu kuti alembe m'lamulo lake chilolezo choti titero. Ndi mzere umodzi wokha, koma woiwala kuupempha amatha kudikira milungu yambiri.

Mphamvu ya pempho lotere imachokeranso ku chigamulo cha Supreme Court cha 2011 pa mlandu wotchedwa ZH (Tanzania). Mayi wa ku Tanzania amene anapatukana ndi bambo wa ana ake awiri, mzika ya Britain, boma linkafuna kumuthamangitsa m'dziko. Khotilo linati ubwino wa ana uyenera kukhala pakati pa zoyamba kuziganizira, unzika wawo ndi chinthu cholemera, ndipo ana asalangidwe chifukwa cha zochita za makolo.

Panali zowawa ziwiri. Zaka zimene mayi anakhala pa viza ya ukwati sizinawerengedwe pa njira yatsopanoyi, anayambiranso. Ndipo munthu akatuluka m'dziko pempho lake lisanayankhidwe, limatengedwa ngati walichotsa. Choncho ngakhale okha, opanda mwana, sakanatha kupita kukaona mayi awo. Anawadwazika pafoni, kudzera mwa achemwali awo amene ankagwirizira foniyo pafupi ndi khutu la wodwala.

Loya wa bambo ananena m'khoti kuti mayi akukakamira mwana pofuna viza. Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi pa mlandu uliwonse wa kholo lachilendo, ndipo amandipweteka nthawi zonse. Sayankhidwa ndi mkwiyo koma ndi mbiri ya mwana ya banja lisanathe. Tinabweretsa buku lofiira limene mwana aliyense amapatsidwa kuno akabadwa, lofanana ndi la kusikelo kwathu, momwe munali katemera ndi kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi. Tinabweretsa kalata ya kusukulu ya mkaka yonena amene ankamuperekeza m'mawa, ndi ya kwa dokotala yonena amene ankabwera naye akadwala. Dzina la mayi linali paliponse. Nkhaniyo sinabwerenso.

A Cafcass

Cafcass ndi bungwe limene limalangiza khoti pa za ubwino wa ana. Amayamba ndi kuimbira foni kholo lililonse ndi kufufuza kupolisi ndi ku ofesi yosamalira ana, kenako jaji akalamula amalemba lipoti lonse pansi pa ndime 7 ya lamulo la 1989. Majaji sapatuka pa lipoti limeneli popanda chifukwa chomveka.

Mayiwa analeredwa mwaulemu. Akamalankhula ndi wamkulu amayang'ana pansi, ndipo amayankha kuti "inde" posonyeza kuti akumva, ngakhale asakuvomereza. Kuno munthu woyang'ana pansi amaganiziridwa kuti akubisa kanthu, ndipo "inde" amalembedwa ngati kuvomera. Tinakhala pansi kukonzekera, osati zoti akanene, chifukwa loya saloledwa kuphunzitsa mboni umboni, koma kuti akhale omasuka kunena kuti "ayi, sizinali choncho" kwa munthu waudindo. Tinapemphanso womasulira. Chingerezi amachidziwa, amagwira nacho ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, koma kufunsidwa mafunso ndi loya wa mbali ina mtima uli m'mwamba ndi nkhani ina.

Usiku woti mawa lake wa Cafcass abwera kunyumba anandiimbira ali ndi nkhawa: kodi abise zoti mwana amagona nawo pabedi limodzi, kodi aphike zachizungu? Ndinawauza kuti aphike zimene amaphika masiku onse. Mlendoyo anapeza mwana atakhala pampando wake wautali akutema nsima ndi manja, akusunsa m'nyemba, akusakaniza Chichewa ndi Chingerezi, ndipo anamuonetsa agogo ake pafoni. Lipoti linati mwanayu amakonda makolo onse awiri, ndipo Umalawi wake ndi mbali ya moyo wake imene ayenera kuidziwa. Linanenanso zoona zina zimene mayi anayenera kuzilandira: bambowo ndi bambo wabwino, amene mwana amamuthamangira pakhomo. Kuyambira pachiyambi ndinali nditawalangiza kuti asamane bambo mwana ngakhale tsiku limodzi, ndipo anamvera, mkwiyo uli pamtima.

Kusamuka kapena kukacheza

Poyamba mayi ankafuna kubwerera ku Malawi ndi mwana mpaka kalekale. Zimatheka, ndipo makhoti amaloleza ena. Kale, potsatira mlandu wa Payne v Payne wa 2001, zofuna za kholo limene likulera mwana zinkalemera kwambiri. Kuchokera pa zigamulo za K v K mu 2011 ndi Re F mu 2015, jaji amaika mapulani a makolo onse awiri pambalimbali n'kuona amene akukomera mwana. Pulani ya mayi inalibe ntchito, nyumba, sukulu, kapena ndalama zoti mwana azibwera kudzaona bambo ake. Ndinawauza mosabisa kuti mwina aluza, ndipo kuluzako kudzalimbitsa mantha a bambo. Atalingalira anasankha kukhala kuno, n'kupempha kuti mwana azikhala nawo ndiponso kuti aloledwe kupita naye kumudzi kukacheza.

Apa ndi pamene panagona mlandu wonse, chifukwa dziko la Malawi silili m'pangano la ku Hague la 1980 lokhudza ana otengedwa mosaloledwa kupita kudziko lina. Panganoli, limene lili ndi mayiko oposa 100, limati mwana wosakwana zaka 16 akatengedwa kapena kusungidwa kunja mosaloledwa, khoti la kumeneko limubweze msanga kudziko limene amakhala, kuti makhoti a kwawoko ndiwo agamule za kaleredwe. Zimbabwe inalowa mu 1995, South Africa mu 1997, Zambia mu 2014. Jaji wa kuno akamva kuti ulendo ndi wa ku Johannesburg amadziwa kuti njira yobwezera mwana ilipo. Akamva kuti ndi wa ku Lilongwe amadziwa kuti bambo adzayenera kukayamba mlandu watsopano kudziko lachilendo.

Chitsogozo chili m'chigamulo cha Court of Appeal cha 2013 pa mlandu wa Re R, umene unali wa mayi wofuna kupita ndi mwana kukacheza ku Kenya, dziko linanso limene silili m'panganoli. Jaji amayenera kudzifunsa kuti mwayi woti mwana sabwerera ndi waukulu bwanji, kuti akapanda kubwerera kuwonongeka kwake kudzakhala kotani, ndiponso kuti pali zotetezera zanji zimene zingagwiredi ntchito kudziko linalo. Nthawi zambiri pamafunika katswiri wa malamulo a dzikolo. Khoti linaloleza kuti mbali zonse ziwiri zisankhe loya mmodzi wa ku Malawi. Iye analemba kuti lamulo la khoti la England silingagwire ntchito palokha ku Malawi, kuti khoti la kumeneko lingaweruze nkhaniyo mwatsopano poyang'ana ubwino wa mwana, ndipo kuti makolowo angathe kupempha High Court ya ku Malawi kuti ilembe mgwirizano wawo ngati lamulo lake ulendo usanachitike. Ananenanso moona kuti zinthu zikasokonekera mlandu ungatenge nthawi.

Uthenga wa malume unaseweredwa m'khoti. Sitinaukane kapena kuuchepetsa. Mayi anafotokoza okha udindo wa malume kwathu, ndipo ananena kuti atamva uthengawo sanagule tikiti, sananyamule katundu, ndipo za pasipoti anangofunsa kamodzi asanadziwe lamulo. Koma ndinkaona kuti jaji akufunabe kudziwa ngati mayi, atafika kumudzi pakati pa akuluakulu awo, adzathe kunena kuti nthawi yakwana, ndikubwerera. Funso limenelo linali loyenera, ndipo woliyankha anali malume omwewo.

Ndinawaimbira foni mayi ali pomwepo. Ndinayamba ndi malonje ndi kufunsa za odwala, kenako ndinalongosola kuti mayiwa akapanda kubwerera adzakhala wofunidwa ndi apolisi kuno, ntchito ndi viza zidzatha, ndalama zimene zimagula mankhwala a odwala zidzaima, ndipo mdzukulu wawo adzakula akudziwa kuti anachotsedwa kwa bambo ake mwakuba. Anakhala chete, kenako anafunsa: "Ndiye kuti ife tilibe mawu pa mdzukulu wathu?" Ndinati, "Amalume, mawu muli nawo, ndipo jaji akufuna kuwamva. Akufuna mumuuze kuti mwanayo mudzamulandira ndipo mudzamuperekeza nokha kubwalo la ndege." Anati, "Chabwino aloya, safunsa anadya phula. Tiuzeni posaina." Analumbira chikalata pamaso pa loya kuboma lakwawo, chovomereza kuti kwawo kwa mwana ndi ku England ndipo sadzamutsekereza. Achemwali a mayi anachita chimodzimodzi.

Chigamulo

Jaji analamula kuti mwana azikhala ndi mayi, azigona kwa bambo mapeto a sabata modumphitsa ndi tsiku limodzi pakati pa sabata, ndipo masiku a tchuthi azigawana. Mwachizolowezi, ndime 13 ya lamulo la 1989 imalola kholo limene mwana amakhala nalo kupita naye kunja kwa nthawi yosakwana mwezi popanda kupempha. Jaji anatseka khomo limenelo posiya chiletso chija chikugwirabe ntchito, n'kupereka chilolezo cha ulendo umodzi wa milungu 3, woyamba pokhapokha viza ya mayi itatuluka.

Zotetezera zinali zolimba. Lamulo la High Court ya ku Malawi linayenera kutuluka kaye. Mayi analonjeza khoti kuti adzabwerera pa tsiku lolembedwa ndipo sadzapemphera mwana pasipoti ina. Kuphwanya lonjezo lotere ndi kunyoza khoti, kumene kungatsekeretse munthu mpaka zaka 2, ngakhale jaji ananena yekha kuti lonjezo silimugwira munthu amene ali kutali. N'chifukwa chake anawonjezera ndalama ya chikole, mapaundi zikwi zingapo, yosungidwa ndi maloya kuti bambo adzaigwiritse ntchito pa mlandu ku Malawi mwana akapanda kubwera. Mayi analibe ndalama zotere. Amayi anzawo a m'gulu la chipereganyu anasinthana nawo mwezi kuti alandire msanga, ndipo zotsalazo anabwereka kwa a kumpingo. Matikiti obwerera, njira ya ndege ndi malo ogona zinaperekedwa kwa bambo pasadakhale, poti kuchokera kuno kupita ku Malawi ndege yachindunji kulibe. Mwana anayenera kulankhula ndi bambo ake pavidiyo masiku osankhidwa.

Viza inatuluka, ya miyezi 30. Anapita m'chilimwe, anapeza agogo ali moyo ngakhale akulankhula movutika, ndipo anabwerera pa tsiku lake.

Mtengo wonsewu, wa katswiri, wa mlandu wachiwiri ku Malawi, wa chikole, unagwera mayi wolandira malipiro a wosamalira okalamba, amene sanalakwe kanthu. Gawo lalikulu la mtengowo likanachepa dziko lathu likanakhala m'pangano la 1980, ndipo ndikukhulupirira kuti liyenera kulowamo. Ena amaopa kuti panganolo limakomera azungu ofuna kulanda ana. Ndimawamvetsa, ndipo ndi zoona kuti panganoli lapwetekapo amayi othawa nkhanza, ngakhale lili ndi ndime yokana kubweza mwana pamene pali chiopsezo chachikulu. Koma kukhala kunja kwake kumachititsa kuti Mmalawi aliyense wofuna kukaonetsa mwana kwa agogo aziyamba wakayikiridwa, ndipo kholo la ku Malawi limene mwana wake watengedwa kupita kunja lilibenso njira yachidule yomubwezera. Abale a ku South Africa adziwe kuti kumenekonso Children's Act ya 2005 imafuna chilolezo cha makolo onse awiri amene ali ndi udindo pa mwana kuti atuluke m'dziko kapena apatsidwe pasipoti.

Chaka chotsatira makolowo anagwirizana za ulendo wachiwiri kudzera m'makalata a maloya, khoti linangovomereza mgwirizanowo popanda kuitana mboni, ndipo bambo analola kuti chikole chitsike ndi theka. Pasipoti ya mwana imasungidwa ku ofesi ya maloya pakati pa maulendo. Chiletso chikadalipo, ndipo tinagwirizana kuti tidzapempha kuti chichotsedwe mwana akadzayamba sukulu ya pulayimale. Mayi akusunga makalata onse a kusukulu ndi kuchipatala m'chikwama chimodzi, chifukwa pempho lowonjezera viza lidzafunanso umboni womwewo.